Nkhope za m'Mwala: Amisiri Athu Amene Anakasemera ku Halale

Mtsinje wa Domasi umatsika pakati pa mapiri awiri, la Zomba ndi la Malosa, nuyenda m'chigwa cha nthaka yabwino mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Miyala m'chigwachi siyisowa. Ili mumtsinje momwe amayi amachapira, ili m'minda momwe imabunthitsa makasu, ndipo ina ndi matanthwe aakulu ngati nyumba amene anagubuduzika kuchokera kuphiri anthu asanabwere. Koma munthu atayenda kuchokera pa Songani kukafika ku Malosa, nkovuta kuti apeze pabwalo, pamphambano kapena pakhomo pa sukulu mwala umene mmisiri wa kuno anawusema m'chifaniziro cha munthu. Ngakhale mumzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko lino mpaka chaka cha 1975, chikumbutso chodziwika koposa ndi nsanja ya njerwa ya asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pansanjapo pali mayina, koma nkhope palibe.

Mlendo wopupuluma angaganize kuti makolo a m'chigwachi, ndi a m'Malawi monse, analibe luso lopanga chifaniziro cha munthu, ndi kuti miyala yosemedwa ndi nkhani ya Aigupto, Agiriki ndi Aroma. Ophunzira ena a kuno komwe amaganiza chomwecho. Komatu mbiri ikunena zina. Pakati pa amisiri amene anatchukitsa zosemasema za mwala za mu Africa kuyambira m'zaka za m'ma 1960, zimene zakayima m'minda ya maluwa ndi m'mabwalo a mizinda ya ku Ulaya ndi ku Amereka, munali Achewa ndi Ayao, ena obadwira kuno, ena ana a matchona. Iwo anasemera kutali, pa famu ya fodya ya ku Rhodesia, ndipo ntchito yawo inagulitsidwa m'dzina la mtundu wina.

Tiyambe ndi mwala weniweniwo. Mapiri a Zomba ndi Malosa ndi a miyala yolimba zedi, imene akatswiri amayitcha syenite ndi granite. Mwala wotere sumvera sompho kapena kasemasema. Tsono makolo anawupatsa ntchito zoyenerana ndi kulimba kwake: mphero yoperera mawere ndi mapira, mafuwa atatu a pamoto, mwala wonolera mpeni ndi nkhwangwa. Zipembedzo zimene zinakhazikika m'chigwachi nazonso sizinafune mafano. Ayao a Mfumu Malemia, amene anafika cha m'zaka za m'ma 1860, ambiri analowa Chisilamu pambuyo pake, ndipo mumzikiti simuyikidwa chifaniziro cha cholengedwa chamoyo. Mishoni ya Church of Scotland imene Alexander Hetherwick anatsegula pa Domasi m'chaka cha 1884 inali ya mpingo wokonda makoma oyera, guwa la Mawu ndi nyimbo. Ansembe a Chikatolika a chipani cha Montfort, amene anayamba ntchito yawo ku Nzama m'chaka cha 1901, ndiwo anadza ndi zifaniziro za oyera, koma zinali zowumbidwa ku Ulaya, za nkhope ndi tsitsi za kumeneko.

Ngakhale zinali choncho, zifaniziro za eni dziko zinalipo, ndipo apa tiyenera kuyenda pang'onopang'ono, pakuti kuwona maso a nkhono nkudekha. Pa chinamwali chakale cha anyamata a Chiyao, chotchedwa lupanda, akuluakulu ankawumba pansi zithunzi zazikulu zotchedwa inyago. Ankasesa malo kuthengo, nawunjika dothi monga achitira mlimi pokweza mizere, nalikonza kuti likhale nyama, phiri kapena munthu. Kenaka ankalemba pamwamba pake mizere ndi madontho ndi ufa woyera. Chotchuka mwa zonse chinali Namungumi, chilombo chachikulu cha m'madzi. Chinamwali chikamapita kumapeto, anyamata ankayendetsedwa pakati pa zithunzizo, ndipo chilichonse chinali ndi nyimbo yake ndi phunziro lake. Dokotala Hugh Stannus, amene anagwirapo ntchito ku Zomba, analemba za mwambowu pamodzi ndi mnzake J. B. Davey m'chaka cha 1913, ndipo Dokotala Meredith Sanderson anafotokoza za inyago mu Nyasaland Journal m'chaka cha 1955. Za tanthauzo la chithunzi chilichonse sitinena pano. Za kundagala zili ndi eni ake.

Chimene chikutikhudza ndi kapangidwe kake. Dothi lowunjika pansi silingasunge makwinya a pamphumi kapena zikope za diso. Wowumba ankayenera kusankha chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene zingachititse mnyamata wamantha, wowona chithunzicho kamodzi kokha m'moyo wake, kuti achizindikire ndi kusachiyiwala. Zotsalazo ankazisiya. Kwa Achewa nkhani ndi yomweyo. Chigoba cha Gule Wamkulu chimakuza mphuno, kapena mano, kapena mphumi, kuti khalidwe limene chikudzudzula liwonekere patali pakati pa fumbi la pabwalo. M'mapanga a ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006, zithunzi zoyera za Achewa zinapakidwa ndi chala choviyika m'dothi loyera. Zambiri ndi thupi lotambasula miyendo ndi manja monga chikopa choyanikidwa, losadziwika msanga ngati ndi buluzi, ng'ona kapena munthu. Anamkungwi okha ndiwo ankamasulira.

Tsono luso lofupikitsa thupi la munthu kuti patsale zofunika zokha makolo athu anali nalo. Chimene analibe ndi chizolowezi choyimika chifaniziro pamsewu kuti aliyense wodutsa achiwone chaka ndi chaka. Kwa iwo chithunzi champhamvu chinali chobisika ndiponso chosakhalitsa. Inyago zinkasiyidwa kuti mvula ndi mphepo zizifafanize. Kasiyamaliro, amene amuna amamuluka masiku ambiri kudambwe ndi nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga, amatenthedwa mwambo ukatha. Atsamunda ankakhulupirira kuti chinthu chikakhala cha mkuwa kapena mwala ndiye kuti chidzakumbukika. Makolo athu ankadalira kuti chidzawumbidwanso chaka china ndi manja a amene anachiwona ali anyamata.

Nanga zinatheka bwanji kuti manja ozolowera dothi, ufa ndi mtengo akakumane ndi mwala wofewa wosemeka? Chinawatengera kumeneko ndi msonkho. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda linkafuna msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, pamene m'maesiteti a m'maboma a Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anthu ankagwira thangata. Malipiro a kuno anali ochepa kuposa a kumwera. Amuna anayamba ulendo wa ku Halale ndi ku Joni, ena paselefu, ena pa magalimoto a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi ndi Wenela. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa m'chaka cha 1935 kuti ifufuze za ulendowu inapeza kuti anthu pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Minda ya fodya ya kumpoto kwa Salisbury, imene matchona ankayitcha mapulazi, inkadalira kwambiri antchito ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. M'makomboni a kumeneko Chinyanja chinkamveka ngati kwathu. Anthuwo anapita ndi mphasa, ndi Korani kapena Baibulo, ndi magule awo. Ndipo usiku wa Loweruka ng'oma za Nyau zinkalira kuseri kwa zigafa za fodya. Eni dziko ankawatcha mabhurandaya, ndiye kuti anthu a ku Blantyre, ndipo silinali dzina laulemu.

M'chaka cha 1957 mumzinda wa Salisbury munatsegulidwa nyumba yowonetseramo zaluso, Rhodes National Gallery, ndipo mkulu wake woyamba anali Frank McEwen, Mngelezi amene anakhala zaka zambiri ku Paris. Maso a munthu ameneyu anali atazolowera kale zinthu zimene azungu a ku Rhodesia ankaziwona ngati zachabe. Ku Ulaya amisiri anali atatopa ndi zifaniziro zosalala zotsanzira Agiriki. Pablo Picasso anadzidzimuka ndi zigoba za mu Africa zimene anaziwona m'nyumba ya Trocadéro ku Paris m'chaka cha 1907. Constantin Brancusi, m'nyengo yomweyo, anasema mwamuna ndi mkazi akupsompsonana mumwala umodzi wa ngodya zinayi, wopanda china koma mzere wowalekanitsa, manja okumbatirana ndi diso. Henry Moore anasemera tchalitchi cha Anglican cha Mateyo Woyera ku Northampton chifaniziro cha Mayi Maria ndi Mwana, chimene chinatha m'chaka cha 1944, cha mawondo aakulu ngati matanthwe ndi nkhope yopanda zokometsera, ndipo akhristu ena a kumeneko anang'ung'udza. M'chaka cha 1958 mwala wake wa munthu wogona chammbali unayikidwa pakhomo pa likulu la UNESCO ku Paris. Ulaya anatenga njira yayitali, nabwereka kwa Africa, kuti afike pamene anamkungwi anali kale.

McEwen anayamba kupereka utoto ndi zipangizo kwa antchito a m'nyumbayo ndi kwa ena odza kudzawona. Mlangizi wina wa zaulimi wa ku Nyanga, Joram Mariga, anali atayamba kale kusema mwala wofewa umene anawupeza kumeneko, ndipo McEwen atawona ntchito yake anamulimbikitsa. Mmodzi mwa ophunzira kwa Mariga anali Crispen Chakanyuka, ndipo ndiye amene akutifikitsa kwa anthu athu.

Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia popanda chilolezo cha Britain. Mayiko anayankha ndi kuleka kugula katundu wa dzikolo, ndipo fodya ndiye anapwetekeka koyamba. M'boma la Sipolilo, limene tsopano ndi Guruve, makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa Salisbury, munali mlimi wina wa fodya wobadwira ku South Africa, dzina lake Tom Blomefield, amene ankakumbanso miyala ya chrome. Famu yake, Tengenenge, inali patsinde pa mzere wa mapiri wotchedwa Great Dyke, umene unadula dziko la Zimbabwe pakati kwa makilomita oposa 500. Fodya atagwa, antchito ake analibe kolowera: kwawo kunali kutali, ndipo ambiri anali atakwatira ndi kubereka komweko. M'chaka cha 1966 Chakanyuka anamuwonetsa Blomefield kuti paphiri la pafupi panali mwala wotchedwa serpentine, wosemeka bwino ndi wowala ukapukutidwa. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chakanyuka anawonetsa kagwiridwe ka zitsulo, ndipo mmodzi mwa oyambirira kugwira nyundo anali Lemon Moses, Mchewa wochokera ku Malawi.

Pa Tengenenge panalibe kalasi, panalibe bolodi. Wofuna kuyesa ankapatsidwa mwala, nyundo, matchizulo ndi chakudya, nawuzidwa kuti aseme chimene chili mumtima mwake. Ntchito yake ndi yotere. Mmisiri amayamba wauyang'ana mwalawo mbali zonse, pakuti mwala wokumbidwa suli ngati thabwa. Uli ndi msana wake, ming'alu yake ndi khungu lofiirira kunja. Amagumula zazikulu ndi nyundo ndi chitsulo chosongoka, nasalaza ndi tchizulo cha mano, kenaka tupa, kenaka sandipepa wonyowetsa m'madzi, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala. Potsiriza amawuwotcha mwalawo pamoto, nawupaka phula ukadali wotentha, ndipo ukazizira amawupukuta ndi nsalu mpaka mtundu wake wakuda kapena wobiriwira utatuluka. Malo ena amawasiya osapukuta dala, kuti akhale tsitsi, bulangete kapena chikopa. Zomalizidwa ankaziyimika pa zitsa za mitengo pansi pa mitengo ya m'nkhalango, mmisiri aliyense ndi kabwalo kake, kotero kuti m'zaka zochepa thengo lonse linadzaza ndi nkhope zikwizikwi zoyang'ana wodutsa.

Amene anasonkhana pamenepo anali a mitundu yambiri. Kuwonjezera pa Lemon Moses, amene mitu yake ya mwala inkakumbutsa zigoba za kudambwe, panali Amali Malola, Myao wa kuno amene anayamba kusema ali wamkulu kale. Panali Wazi Maicolo, Myaonso. Panali Josiah Manzi, wobadwira ku Rhodesia m'chaka cha 1933 kwa makolo a Chiyao ochokera ku Malawi, amene anthu ake a mwala ali ndi makosi aatali ndi mitu yosongoka, ena akusanduka mbalame, ndipo mkazi wake ndi ana ake nawonso anakhala osema. Panali Makina Kameya wa ku Angola, wodziwa magule a makishi. Panalinso Akorekore a m'deralo, monga Bernard Matemera, wosema matupi onenepa a zala zitatu ndi milomo yotupa, ndi Henry Munyaradzi, amene akuti anafika m'chaka cha 1967 atamva kugogoda kwa nyundo m'nkhalango ali pa ulova. Nkhope za Henry aliyense angazizindikire: mphumi ndi mphuno ndi mzere umodzi wonga chilembo cha T, maso ndi timabwalo tiwiri, pakamwa ndi kamzere. Palibe chowonjezera, komabe nkhopeyo imawoneka ngati ya munthu amene ali pa pemphero.

Woyenera kumutchula payekha ndi Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia m'chaka cha 1932, amene anapita ku Southern Rhodesia m'chaka cha 1949. Anatolako thonje, anagwirako ntchito ya njerwa, analukako madengu, ndipo pa Tengenenge ntchito yake yoyamba inali yokumba miyala kuti ena aseme. Atagwira yekha tchizulo, anatulukira nkhope imene palibe anayipangapo: mutu wobulungira ngati dzungu, maso otupa ong'ambidwa ndi kamzere kamodzi pakati monga nyemba ya khofi, ndi pakamwa pomwetulira kapena potsonyezedwa poyimba mluzu. Ankakonda kusema mabanja, mayi ndi ana ataunjikana mumwala umodzi, mitu itagundana, osadziwika pamene thupi la wina lathera. Azungu olemba za luso ankafunafuna mizimu yowopsa m'miyala ya ku Rhodesia, pakuti ndiyo inkagulitsa. Munthu uyu, amene anasiya kwawo ali mnyamata wa zaka 17, anasema anthu akuseka ali pamodzi. Anamwalira m'chaka cha 2011.

Funso limene awerengi ambiri amafunsa akawona zithunzi za miyalayi ndi lakuti: kodi amisiriwa analephera kupanga munthu weniweni? Ena amati manja akulu ndi mitu yopanda makutu ndi umboni wa kusaphunzira. Ndikuganiza kuti zifukwa zake ndi zingapo, ndipo sizolemera mofanana. Mwala uli ndi lamulo lake: dzanja lotambasuka kapena chala chopyapyala chimathyoka, tsono manja amamatirira kuthupi, khosi limafupika, miyendo imapindika. Msika nawo unali ndi mphamvu, ndipo tisadzinamize. McEwen ankakana zimene ankazitcha zaluso za pabwalo la ndege, ndiye kuti ziboliboli za njovu ndi ankhondo zogulitsa kwa alendo, ndipo ankasankha zimene zinkagwirizana ndi maso a ku Paris. Mmisiri wanjala amaphunzira msanga chimene chikugulidwa. Koma chifukwa chachikulu, kwa Achewa ndi Ayao aja, nchakuti iwo anakulira m'miyambo imene chithunzi sichiyesa kufanana ndi munthu wakutiwakuti. Chigoba sichijambula Che Uje kapena a Phiri a kutsidya. Chimawonetsa ulesi, dama, ukalamba, imfa. Munthu amene anavinidwa sanafunikire Picasso kuti amuwuze zimenezi.

Apa mpamene pali chilonda. Miyalayi itayamba kutuluka kunja, ku New York m'chaka cha 1968 ndi ku Musée Rodin ku Paris m'chaka cha 1971, inapatsidwa dzina lakuti zosema za Ashona. McEwen ankaphunzitsa kuti lusoli ndi mzimu wakale wa Ashona umene unagona nudzukanso, nalilumikiza ndi mbalame zisanu ndi zitatu za mwala zimene zinapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe. Mbalamezo nzowona, ndipo nzodabwitsa, pakuti zina zili ndi milomo ndi zala zonga za munthu. Koma pakati pa izo ndi Tengenenge panapita zaka mazana angapo popanda mzere wa amisiri opatsirana ntchito. Nkhaniyo inali yokoma kwa ogula, ndipo pambuyo pa ufulu wa 1980 inakomeranso boma latsopano, limene linayika mbalameyo pa mbendera. M'nkhani yoteroyo Mchewa wa kudambwe ndi Myao wa kundagala analibe malo. McEwen ndi Blomefield anasemphana maganizo, ndipo m'chaka cha 1969 McEwen anatsegula malo ake ku Vukutu, m'mapiri a Nyanga, natenga Sylvester Mubayi amene anayambira ku Tengenenge. Kuyambira pamenepo ankanyoza Tengenenge kuti ndi fakitale. Ofufuza a pambuyo pake, monga Jonathan Zilberg ndi Celia Winter-Irving, ndiwo anabwezera poyera gawo la alendo aja. Sitikulanda Ashona ulemu wawo. Mariga, Mubayi, Munyaradzi ndi Matemera ndi zimphona. Tikungoti dengu limene linanyamulidwa ndi anthu ambiri linalembedwa dzina la mmodzi.

Mpingo nawo uli ndi mbali yake m'mbiriyi. Bambo John Groeber, wansembe wa ku Switzerland, anayambitsa mishoni ya Serima m'chaka cha 1948, ndipo anaphunzitsa anyamata a pasukulupo kusema mitengo kuti akongoletse tchalitchi chawo. Sankawawonetsa zithunzi za oyera za ku Ulaya. Ankawawonetsa zigoba ndi zosema za mu Africa, nawaphunzitsa kumanga thupi ndi mabwalo, ngodya ndi mizere. Angelo ndi atumwi a ku Serima ali ndi mitu ikuluikulu ndi maso otseguka ngati a kadzidzi. Izi zinachitika zaka zambiri Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican usananene, m'chaka cha 1963, kuti Mpingo ulibe mtundu umodzi wa luso umene ungawutche wakewake. Nicholas Mukomberanwa, amene ambiri amamuyesa wamkulu wa osema onse a ku Zimbabwe, anaphunzira ku Serima asanalowe upolisi, ndipo ngodya zakuthwa za m'miyala yake zinachokera komweko. Kuno kwathu njira yofananayo inatsegulidwa ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976. Koma Mua ndi wa mtengo, monganso amisiri ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe. Dziko lathu linapitiriza kusema chimene chiswe chimadya.

Chigwa cha Domasi chili ndi udindo wapadera pa nkhani ya kukumbuka. Kuyambira pamene sukulu ya Jeanes inatsegulidwa m'chaka cha 1929, aphunzitsi a dziko lino akhala akusulidwa pamenepo, ndipo ku Malawi Institute of Education ndiko kumakonzedwa zimene ana athu amaphunzira. Mwana wa ku Malemia akamva dzina la Michelangelo, ndi bwino. Koma nkoyeneranso kuti amve kuti Josiah Manzi ndi Amali Malola anali a mtundu wake, ndi kuti agogo ake ankawumba Namungumi m'nkhalango za kuseri kwa sukulu yakeyo. M'chaka cha 2022 Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, anayimika chifaniziro cha John Chilembwe pabwalo la Trafalgar ku London, ndipo chinakhalapo mpaka 2024. Ambiri tinanyadira ngati kuti ndi koyamba kuti dzanja la Mmalawi liyike munthu pabwalo la mzinda wa kunja. Matchona anali atatsogola kale, opanda dzina la dziko lawo pansi pake.

Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inafika msanga m'dera la Guruve, pakuti lili kufupi ndi chigwa cha Zambezi kumene ankhondo a m'tchire ankalowera. Ogula analeka kubwera. Fanizani ndi Henry anasamukira ku Chitungwiza m'chaka cha 1975, ndipo pofika kumapeto kwa zaka khumizo pa Tengenenge panatsala anthu owerengeka, pakati pawo Matemera ndi banja la a Manzi, akulondera miyala imene udzu unali kuyimeza. Mtendere utabwera ntchito inadzukanso. Matemera anapambana mphotho pa chiwonetsero chachikulu cha ku New Delhi m'chaka cha 1986. M'chaka cha 1990 miyala ya ku Zimbabwe inayalidwa pa udzu wa Yorkshire Sculpture Park ku England, kumene kumayimanso ntchito za Henry Moore, ndipo m'chaka cha 2000 inadzaza munda wa Kew ku London. Roy Guthrie, amene anali mwini malo a Chapungu ku Harare, ndiye analimbikitsa amisiri kusema miyala italiitali kuposa munthu, yoyenera panja, ya mtundu wolimba wotchedwa springstone. Blomefield anasiya Tengenenge m'manja mwa wosema wina wotchuka, Dominic Benhura, m'chaka cha 2007.

Pamene miyala inkalandiridwa m'mizinda ya kutali, ana a anthu amene anayamba ntchitoyi anali kutaya pokhala. Kulanda mafamu kumene kunayamba m'chaka cha 2000 kunachotsa m'makomboni mabanja zikwizikwi a antchito, ndipo ambiri a iwo anali zidzukulu za Amalawi, Amozambiki ndi Azambia, zopanda mudzi wobwererako m'dziko la Zimbabwe. Lamulo la unzika la 2001 linalamula kuti aliyense amene angakhale ndi ufulu wa unzika wa dziko lina awukane mwalamulo m'miyezi isanu ndi umodzi. Anthu obadwira ku Mvurwi ndi ku Mbare, amene sanawonepo phiri la Zomba, anapezeka kuti ziphaso zawo zikuwatcha alendo, ndipo anataya mwayi woponya voti. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'mayiko oyandikana nawo a m'chigawo chino.

Mmodzi wa m'badwo umenewo anali Amos Supuni, wobadwa m'chaka cha 1970 kwa makolo a ku Malawi. Anakulira ku Tafara, komboni ya kum'mawa kwa Harare, ndipo anayamba kusema kudzera m'gulu la achinyamata a Chikatolika, naphunzira kwa Tapfuma Gutsa. Ankasema ana a m'misewu ndi anthu osowa pogona, nkhope zawo zitatulukira pang'ono chabe mumwala wosapukuta. M'chaka cha 2001 akuluakulu a bwalo la ndege la Atlanta ku Amereka, limodzi mwa mabwalo odutsa anthu ambiri pa dziko lonse, anayika miyala 20 ya amisiri a ku Zimbabwe m'njira ya pansi imene apaulendo amayendamo, ndipo umodzi mwa iyo unali wa Supuni. M'chaka cha 2008, pamene ndalama ya Zimbabwe inasanduka mapepala ndipo m'masitolo munalibe ufa, iye anawolokera ku Mozambique kukafunira banja lake chakudya, ndipo anafera komweko mu December, ali ndi zaka 38.